Miyendo Imene Tinaisiya Pageti la Sukulu

Awa ndi mawu amene analankhula mnzathu wa gulu lomwe linalemba mayeso a Fomu 4 m'chaka cha 1982, pa msonkhano wathu wa pachaka umene unachitikira m'holo ya sukulu. Ambiri mwa amene analipo anapempha kuti tiwasindikize kuti anzathu amene ali kutali nawonso awerenge. Mkonzi.



Pamene a Mlembi anandiimbira foni kuti chaka chino wolankhula ndine, ndinawafunsa kuti kodi madokotala atha? Pakati pathu pano pali madokotala, pali anamwino, palinso aphunzitsi a zamasewero. Ine ndine munthu wowerengera ndalama za eni ake, ntchito imene ndaigwira zaka zoposa 30 ndili chikhalire pampando. A Mlembi anati n'chifukwa chake komiti yasankha inu, pakuti chaka china munalephera kukwera masitepe a holo ino osaima panjira, koma chaka chatha tinakuonani mukukwera phiri la kuseriku pamodzi ndi ana a Fomu 2, tsono anthu akufuna kudziwa chimene munadya. Ndabwera kudzaulula kuti palibe chimene ndinadya, ndipo amene mumayembekeza dzina la mankhwala kapena la sing'anga mundikhululukire.

Tiyambe takumbutsana mmene tinalili. Belu loyamba linkalira 5 koloko m'mawa. Tisanalowe m'kalasi tinkasesa, mipope ikauma tinkatunga madzi kuchitsime, ndipo Lachitatu masana aliyense ankatenga chikwakwa chake kukatchetcha bwalo la mpira. Wochedwa ankakumba dzenje la zinyalala lofika m'khosi mwake. Mphunzitsi wa Payoniya ankatigubitsa padzuwa mpaka malaya kumata pamsana. Pa Sabata la Achinyamata tinkaumba njerwa ndi kulambula misewu. Nyengo yozizira inali ya mpikisano wa mtunda wautali: kutuluka pageti, kutsetserekera kudambo, kuwoloka mlatho, kuzungulira phiri ndi kubwerera kudzera kumsika, ena a ife popanda nsapato. Asungwana ankasewera ntchemberembaye mpaka mdima. Sukulu ikatsekera, ambiri tinkatsika basi pamsewu waukulu n'kuyenda maola awiri kapena atatu sutikesi ili pamutu. Palibe amene ankazitcha zimenezi masewero olimbitsa thupi. Zina tinkazitcha chibalo, zina tinkazitcha umphawi, ndipo tonse tinkalimbikira maphunziro ndi cholinga choti tsiku lina tidzaleke kuyenda pansi.

Mulungu anamva pemphero limenelo. Ine ndinayamba ntchito mu Blantyre m'chaka cha 1986, ndipo zaka zoyamba ndinkayendabe pansi kuchokera ku Ndirande kupita m'tauni, makamaka mwezi ukafika pakati. Mu 1996 ndinagula galimoto yanga yoyamba, ndipo kuchokera tsiku limenelo miyendo yanga inapuma pantchito eni ake tisanapume. Kuchoka pabedi ndinkapita pampando wa galimoto, kuchoka apo pampando wa mu ofesi. Tiyi ankabweretsa mesenjala. Kalata yopita chipinda chachitatu kuchokera panga inkapitanso ndi mesenjala yemweyo. Masana chipisi ndi nkhuku. Poweruka tinkaima kaye pena pake pomwe panali kanyenya ndi zotsitsira zake, kenaka kunyumba pampando wandalema kudikira nkhani za pa wailesi ya kanema. Tsiku lina ndinawerengera, poti kuwerengera ndiyo ntchito yanga: pa maola 16 amene ndinkakhala maso, maola 13 ndinali nditakhala pansi.

Lamba anayamba kuchepa, ndinaboola zibowo zatsopano, kenaka ndinagula wina. Ndikapita kumudzi, mayi anga ankandiyang'ana mokhutira n'kumauza adzukulu awo kuti taonani ana inu ubwino wa sukulu, onani mmene akhalira amalume anuwa. Ine ndinkamva kukoma. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma ndinkaganiza kuti mwambiwo amanenera anthu ena.

Nyerere zanga zinaonekera m'mwezi wa Ogasiti 2019. Ndinapita kuchipatala chifukwa cha mutu umene unkandigwira kunkhongo masana alionse. Namwino anandiyeza kuthamanga kwa magazi, anayang'ana makina ake, anandiuza kuti ndikhale kaye phee, anayezanso, kenaka anayeza mkono winawo. Manambala anali 168 pa 104, pomwe achipatala amati munthu akafika 140 pa 90 ndiye kuti vuto lilipo. Sikelo inati makilogalamu 97. Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ataona zotsatira za magazi anati, "Bambo, shuga sanalowe m'nyumba, koma ali pakhonde akugogoda." Anandifunsa ntchito imene ndimagwira, ndinamuuza monyadira. Kenaka anati, "Nanga thukuta munatuluka liti komaliza, osati la dzuwa, koma la ntchito?" Ndinaganiza nthawi yaitali. Yankho loona linali lakuti pa maliro a apongozi anga, pamene tinanyamula bokosi kuchokera panyumba kupita kumanda, ndipo ngakhale pamenepo anyamata anandilandira msanga ataona mmene ndinkapumira.

Anzanga, chaka ndi chaka pa msonkhano uno timaimirira mphindi imodzi kukumbukira amene atisiya. M'zaka za m'ma 1990 mndandanda unkakhala wautali, ndipo tonse tinkadziwa nthenda imene inkatitha ngakhale sitinkaitchula. Tamverani mmene mauthenga a maliro akumvekera masiku ano. Anangogwa kubafa. Anadandaula mutu madzulo, m'mawa mbali imodzi inali itafa. Anamudula chala, kenaka phazi, kenaka mwendo. Impso zinasiya kugwira ntchito. Kumudzi amati am'menya ndi hamala, ndipo agogo ena osalakwa amavutika nazo. Hamala imeneyo ambiri a ife tayenda nayo m'thupi zaka khumi osadziwa, chifukwa kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la WHO unayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, ndipo unapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri mwa iwo asakudziwa n'komwe. Yang'anani amene wakhala kumanja kwanu ndi amene wakhala kumanzere. Mwa atatu inu, mmodzi ndi ameneyo, ndipo pa msinkhu tafikawu mwina ndi awiri.

Pali nkhani ina imene dokotala uja anandiuza, imene inandikhudza kuposa manambala onse. Achikulire mukukumbukira mabasi osanja amene a Stagecoach ankayendetsa mu Blantyre m'zaka za m'ma 1990. Ku London mabasi otere alipo kuyambira kale. Dokotala wina wa kumeneko, Jerry Morris, anafufuza za umoyo wa anthu pafupifupi 31,000 ogwira ntchito m'mabasi ndi zoyendera zina za mumzindawo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1953. Dalaivala ndi kondakitala ankagwira ntchito m'basi imodzi, maola ofanana, kupuma mpweya umodzi, kuchokera m'mabanja ofanana. Kusiyana kwawo kunali kwakuti dalaivala ankakhala pansi tsiku lonse, pomwe kondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe mazanamazana potolera ndalama. Morris anapeza kuti madalaivala ankadwala ndi kufa ndi nthenda ya mtima kwambiri kuposa makondakitala. Anapezanso zofanana pakati pa onyamula makalata, amene ankayenda pansi kapena panjinga, ndi anzawo okhala m'maofesi a positi. Ena anati mwina madalaivala anali onenepa kale, ndiye iye anapita kukaona miyeso ya mathalauza a yunifolomu imene kampani inkawapatsa, ndipo anaona kuti ngakhale poyerekeza anthu a chiuno chofanana, kondakitala anali wotetezekabe. Morris mwini wake anasunga chizolowezi cholimbitsa thupi mpaka ukalamba, ndipo anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99. Nditamva nkhaniyi ndinazindikira kuti pa kampani pathu dalaivala ndinali ine, kondakitala anali mesenjala uja ndinkamutuma, ndipo ndinkamupatsa thanzi langa pamodzi ndi makalatawo.

Tsono ndinachita chimene mwamuna aliyense wophunzira amachita akaopsezedwa: ndinapita kukagula zinthu. Ndinagula thirakisuti, nsapato zodula, ndi njinga ija yopalasa uli m'nyumba yosapita kulikonse. Loweruka m'mawa ndinatuluka pageti ndi liwiro la mnyamata amene anakhalapo nambala 7 pa mpikisano wa mtunda wautali pasukulu pano. Sindinafike n'komwe pagolosale ya pakona. Chifuwa chinkayaka, bondo lamanzere linatupa, ndipo ndinatsimphina sabata yathunthu. Mutu wanga unkakumbukira 1982 koma mawondo ankadziwa kuti ndi 2019. Njinga ija inagwira ntchito masiku anayi, ndipo mpaka lero ndi poyanika mataulo pabwino kwambiri m'nyumba mwathu.

Amene anandipulumutsa ndi mayi a kunyumba. Anati, "Bambo, inu mukufuna kubweza ngongole ya zaka 23 tsiku limodzi. Kodi ku ofesi kwanu ngongole amabweza choncho?" Tinagwirizana kuti tiziyenda, osati kuthamanga, mphindi 10 kupita, mphindi 10 kubwerera, dzuwa lisanatuluke. Ndinatenga kope lakale la akawunti, ndinalemba mizere, ndipo tsiku lililonse ndinkalembamo mphindi zimene tayenda. Sabata iliyonse kapena ziwiri tinkawonjezera mphindi zisanu. Masabata atatu oyamba anali owawa, sindikunamizani. Bulangeti limalemera kwambiri 5 koloko m'mawa, ndipo zifukwa zimabwera zokha: kwazizira, ndagona mochedwa, lero kuli msonkhano. Chimene chinkandidzutsa ndi kopelo, chifukwa munthu wa ntchito yanga sapirira kuona mzere wopanda nambala. Pofika Disembala tinkayenda mphindi 40, masiku asanu pa sabata, ndipo m'mawa wina ndinadabwa kuona kuti ndafika pamwamba pa chitunda chimene chinkandiimitsa kawiri, ndili m'kati mokamba nkhani.

Mufunsa kuti muyeso wake ndi wotani. Malangizo amene bungwe la WHO linatulutsa mu 2020 amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena zamphamvu, monga kuthamanga, kwa mphindi 75 mpaka 150. Mphindi 150 ndi mphindi 30 kwa masiku asanu, nthawi yosakwana imene timathera pa masewero awiri a mpira pa wailesi ya kanema. Zapakatikati n'zotani? Ngati mukuyenda ndipo mukhoza kucheza ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo ya m'kwaya, ndiye kuti mwafikapo. Ngati mukuimba bwinobwino, mukungowongola miyendo. Ngati simungathe ngakhale kuyankha moni, mwapitirira. Ana athu atiikira m'mafoni zowerengera mapazi n'kumatiuza kuti tifike 10,000 pa tsiku. Nambala imeneyo sinachokere kwa madokotala. Inachokera ku Japan m'chaka cha 1965, pamene kampani ina inkatsatsa kachipangizo kowerengera mapazi n'kukapatsa dzina lotanthauza mapazi 10,000. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2019, wa amayi achikulire, anaonetsa kuti phindu linkaoneka kale pa mapazi pafupifupi 4,400, ndipo linkakwera mpaka cha pa 7,500. Choncho amene foni yanu ikunena 3,000 musataye mtima, fikani kaye 4,000.

Mwina wina akufuna kudziwa chimene chimachitika m'thupimu, poti tinaphunzira sayansi m'labu ili kuseri kwa holo ino. Aphunzitsi athu ali pano andikonza ndikalakwitsa. Minofu ya m'ntchafu ndi m'matako ndiyo ikuluikulu m'thupi, ndipo ndiyo imadya shuga wambiri wa m'magazi. Ikamagwira ntchito imakoka shugayo yokha, ndipo ikatha ntchitoyo imamvera bwino insulini kwa tsiku limodzi kapena awiri. Pambuyo pake phindulo limazilala. Ndicho chifukwa chake kuyenda maola atatu Loweruka lokha sikufanana kwa wodwala shuga ndi kuyenda pang'ono pafupipafupi, ndiponso chifukwa chake kuyenda mphindi 10 mutangodya nsima kuli bwino kuposa kugona pampando. Mtima nawo ndi mnofu. Ukazolowera ntchito umapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, mitsempha imamasuka, ndipo kwa munthu wa vuto langali nambala yapamwamba ija imatsika ndi 5 mpaka 8. Zikumveka zochepa, koma piritsi limodzi nalo limachita pafupifupi zomwezo. Ku America anachita kafukufuku pa anthu oposa 3,000 amene shuga anali pakhonde ngati wanga, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2002. Gulu lina analipatsa mankhwala a metformin, ndipo chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 31 peresenti. Gulu lina analiuza kuti liziyenda mphindi 150 pa sabata ndi kuchepetsako thupi pang'ono, makilogalamu 7 pa 100 alionse, ndipo chiopsezo chinatsika ndi 58 peresenti.

Koma Bambo Wapampando, chovuta chachikulu sichinali mawondo. Chinali pakamwa pa anthu. Sabata yoyamba, aneba anga anaimitsa galimoto n'kunena kuti, "Bwana, kwerani. Yanu yatani?" Ndinati ndikungoyenda. Anandiyang'ana mwachisoni. Pasanathe mwezi, mbiri inamveka m'dera lonse yakuti galimoto yanga analanda a ngongole. Zimenezo tinaseka. Zimene sitinaseke zinabwera pamene thupi linayamba kutsika. Kutchalitchi anthu ankandigwira dzanja nthawi yaitali n'kumafunsa kuti mukupezako bwanji. Mlongo wanga anachoka kumudzi ulendo wa tsiku lathunthu, anatengera mlamu wake kukhitchini, n'kumufunsa monong'ona kuti, "Mulamu, musandibisire, achimwene akudwala chiyani?" Sindimuimba mlandu. Ife a m'badwo uno tinaika m'manda anzathu ambiri amene anayamba ndi kuonda, ndipo tinaphunzira kuti thupi lodzaza ndi chikalata chosonyeza kuti uli bwino. Ndikudziwa anzathu ena amene amadya dala mopitiriza kuti anthu asawanene. Mantha amenewo anali ndi chifukwa chake pa nthawi yake, koma lero akutipha kuchokera mbali ina. Ndinam'tenga mlongo wangayo kupita naye kuchipatala kuti akamve yekha, ndipo namwino atamuyeza iye, manambala ake anaposa anga. Panopa naye ali pa mankhwala, ndipo za kuonda kwanga analeka kufunsa.

Kwa alongo athu muli muno, ndikudziwa kuti kwa inu n'kovutirapo. Mayi akatuluka yekha m'bandakucha anthu amafunsa kumene akupita, ndipo abambo ena tili muno ndife oyamba kufunsa. Amayi athu kumudzi ankasinja, kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kulima, ndipo sankasowa wowauza za mphindi 150. Mayi wa mu ofesi amene ali ndi wantchito pakhomo ali m'basi imodzi ndi ine, pampando wa dalaivala. Tengani tepi ya telala muyeze chiuno podutsa pamchombo. Achipatala amati mwamuna akapitirira masentimita 94 ndipo mayi akapitirira 80, mafuta a m'mimba ayamba kukhala chiopsezo. Abambo, njira yachidule yothetsera mafunso ndi kudzuka n'kupita nawo limodzi.

Pamsewu muchenjere. Yendani kudzanja lamanja kuti magalimoto muziwaona akubwera, valani chowala, ndipo njinga zamoto za kabaza musazikhulupirire ngakhale pang'ono. Yendani awiri kapena atatu, foni yodula isiyeni kunyumba, ndipo kandodo ka agalu sikalemera. Mwina munamvapo za Fauja Singh, mkulu wa ku India amene ankakhala ku Britain. Anathamanga mpikisano wa makilomita 42 wa London Marathon koyamba mu 2000 ali ndi zaka 89, ndipo mu 2011 anamaliza mtunda womwewo ku Toronto zikalata zake zikusonyeza zaka 100. Amene amati ndakalamba aganizirepo. Koma mkulu ameneyu sanafe ndi mtima kapena shuga. Anagundidwa ndi galimoto mu Julayi 2025 akuyenda pamsewu kumudzi kwawo ku Punjab.

Kuyenda kokha sikukwanira. Malangizo omwe aja amati masiku awiri pa sabata tizilimbitsanso minofu, ndipo amene apitirira zaka 65 aziwonjezera zothandiza kuti asamagwe, masiku atatu pa sabata. Minofu imayamba kuchepa munthu akapitirira zaka 30, ndipo ikachepa kwambiri ndi pamene nkhalamba imalephera kudzuka pamphasa kapena kuchimbudzi popanda woigwira. Sipafunika zitsulo za ku jimu. Ine ndimakhala ndi kuimirira pampando wa patebulo kakhumi osagwira, katatu. Ndimakankha khoma. Ndimanyamula zigubu ziwiri za malita asanu kuzungulira nyumba. Potsuka mano ndimaima ndi mwendo umodzi, pafupi ndi sinki. Ndinalandanso khasu kwa mnyamata wa pakhomo n'kutenga mizere ya kuseri kwa nyumba kukhala yanga, ndipo mnyamatayo anakhala sabata yathunthu ali ndwii poganiza kuti ntchito yamuthera.

Za chakudya sindinena zambiri, chifukwa ndikumva fungo lochokera kukhitchini ndipo sindikufuna adani. Ndingoti ola lathunthu loyenda likhoza kufafanizidwa ndi mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi, pakuti m'botolo limodzi muli shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo umene uli kale m'ndiwo. Ine nsima sindinasiye ndipo sindidzasiya. Ndinachoka pa mitanda inayi kufika pa iwiri, ndinabwerera ku mgaiwa umene ndinalumbira pasukulu pano kuti sindidzadyanso, ndipo bonongwe ndi nkhwani zinabwerera patebulo.

Ndisakunamizeni kuti ulendo unali wosalala. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atawononga mu Blantyre, njira zathu zinakokoloka, maliro anachuluka, ndipo ndinaleka kuyenda. Ndinati ndiyambanso matope akauma. Matope anauma, kunabwera chisanu cha Juni. Miyezi inayi inatha m'kope muli mbee. Makilogalamu anayi anabwerera ngati anangopita kukacheza, ndipo makina oyezera magazi anayambanso kundiopseza. Mayi a kunyumba nthawi imeneyo anali ku Lilongwe kothandiza mwana wathu amene anali atangochira. Amene anandibweza ndi mkulu wina wopuma pantchito ya uphunzitsi amene tinkakumana naye panjira m'mawa. Tsiku lina anagogoda pageti langa 5 koloko n'kunena kuti, "Achimwene, ndimati mwina munamwalira osandiuza." Kuyambira pamenepo amandidikira pakona, ndipo manyazi omusiya mkulu wa zaka 70 ataima pamphepo amandidzutsa kuposa wotchi. Panopa tilipo asanu ndi mmodzi. Ndale za dziko lino timazimaliza tisanafike pamlatho, pobwerera timakonza timu ya Flames.

Lero sikelo imati makilogalamu 86. Kuthamanga kwa magazi kumakhala cha pa 132 pa 84. Shuga anachoka pakhonde, ngakhale ndikudziwa kuti sanapite kutali. Ndimamwabe piritsi limodzi m'mawa uliwonse, ndipo pano ndikufuna mundimvetse bwino: musachoke muno n'kukataya mankhwala chifukwa mwayamba kuyenda. Wochepetsa kapena kusintha mankhwala ndi dokotala amene akukuyezani, osati mnzanu wa pa WhatsApp, osatinso ine. Amene muli kale ndi nthenda ya mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, kaonaneni ndi achipatala musanayambe. Mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena befu wosadziwika bwino, imani pomwepo ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Odwala shuga, yang'anani mapazi anu madzulo alionse, chifukwa kachilonda ka nsapato kakhoza kukula osamva kupweteka, ndipo muziyenda ndi siwiti m'thumba. Nsapato zabwino zilipo pa kaunjika, zofunika n'zakuti zikhale zofewa pansi ndi zosathina.

Zimene sikelo siyeza ndizo ndimazikonda kwambiri. Ndimagona tulo ngati mwana wa Fomu 1. Ukali umene ndinkabwera nawo kunyumba unachepa, mboni yake yakhala apoyo. Ndimagwada kutchalitchi n'kudzuka osagwira benchi. Mdzukulu wanga akathawira kumsewu ndimam'peza. Ndakhala mu Blantyre zaka zonsezi ndikuona Soche, Ndirande ndi Michiru pawindo la galimoto, koma mzindawu ndinauona koyamba kuchokera pamwamba ndili ndi zaka 58. Ku Mulanje, nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002 ndaisiyira achinyamata, koma ndinayenda kuchokera ku Likhubula mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo anzanga anati dzina la malowo landiyenera.

Ndili ndi mapempho awiri kwa komiti. Loyamba, ndadutsa pabwalo la ntchemberembaye m'mawa uno ndipo ndaona kuti lamera udzu, zigoli zinagwa. Chaka chatha tinasonkha ndalama za makompyuta, ndipo tinachita bwino, koma tikapatsa ana mipando yokha tidzakhala tikuwakonzera ulendo umene ine ndayenda. Ndikupempha kuti pa ndondomeko ya chaka chino tiikepo kukonza mabwalo awiriwo. Lachiwiri, alongo athu awiri amene ndi anamwino abwera ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi, ndipo akhala patebulo la pakhomo mpaka madzulo. N'zaulere, ndipo sauza munthu. Amene simunayezetse chaka chino mudzere pamenepo musanapite kukalandira chakudya.

Mawa 6 koloko m'mawa ine ndidzakhala pageti. A Mphunzitsi Wamkulu avomera kuti ana a Fomu 4 atiperekeze pa njira yathu yakale ya mtunda wautali. Sitidzathamanga. Amene mwabwera ndi nsapato za ku ofesi zokha bwerani nazo zomwezo, mudzabwerera pamlatho, ndipo galimoto ya sukulu idzatitsata pambuyo chifukwa cha amene mawondo adzawakanire. Ndaona a Msungichuma ayang'ana wotchi kachitatu, ndipo ndikudziwa kuti akufuna kutikumbutsa za ndalama za umembala tisanabalalike.